Ma interval pa msewu kapena pa trainer m'nyumba: kusiyana kwake kuli pati?

Kumapeto kwa February 2016, Mathew Hayman wa ku Australia anagwa pa mpikisano wa Omloop Het Nieuwsblad ku Belgium n'kuthyoka mkono. Apo n'kuti kutatsala masabata 6 okha kuti kuchitike Paris-Roubaix, mpikisano wa makilomita oposa 250 umene umadutsa m'misewu yakale yoyalidwa miyala kumpoto kwa France. Ndi mkono wothyoka sakanatha kukwera njinga pa msewu, choncho anaimangirira pa trainer (makina ogwira njinga kuti munthu azitchova ili pamalo amodzi) m'galaja ya kunyumba kwake, mkono wovulalawo atautsamiritsa pa makwerero, n'kumatchova tsiku ndi tsiku akuyang'ana Zwift, pulogalamu yotchovera njinga pa intaneti, pa kompyuta. Pa 10 April, ali ndi zaka 37, anapambana mpikisanowo, ndipo pa mzere womaliza anagonjetsa Tom Boonen, katswiri amene anali atautenga kale kanayi.

Chiyambire tsiku limenelo, nkhani ya Hayman imatuluka paliponse pamene okwera njinga akutsutsana za trainer. Ena amati ndi umboni woti msewu ndi wosafunika. Ine ndimaiona mwina. Hayman anali atakhala katswiri wolipidwa kuyambira 2000 ndipo miyala ya ku Roubaix anali ataidutsa kambirimbiri. Chimene galaja inamusungira ndi mphamvu ya mtima ndi miyendo. Luso loyendetsa njinga pa miyala, kudziwa pobisala mphepo ndi nthawi yothamangira, zonsezo anali nazo kale. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: pali zinthu zimene trainer imachita bwino kuposa msewu, ndipo pali zina zimene singathe n'komwe.

Tiyambe ndi ma interval enieniwo. Ndi kutchova mwamphamvu kwa nthawi yoikika, kupumira potchova pang'onopang'ono, kenako kubwerezanso kangapo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu amene angapirire liwiro linalake kwa mphindi 10 zokha n'kutheratu, akhoza kukwanitsa mphindi 20 pa liwiro lomwelo akazigawa m'zidutswa za mphindi 4 zokhala ndi kapumulo pakati. Thupi limakhala nthawi yaitali pamalo pamene mtima ndi mapapo zikugwira ntchito pafupi ndi malire ake, ndipo limasintha kuti lizolowere. Njirayi inayambira kwa othamanga a miyendo. M'zaka za m'ma 1930 mphunzitsi wa ku Germany, Woldemar Gerschler, ankaigwiritsa ntchito, ndipo wothamanga wake Rudolf Harbig anaswa mbiri ya dziko lonse ya mamita 800 mu 1939. Emil Zátopek, amene anatenga mendulo zagolide zitatu pa Olimpiki ya ku Helsinki mu 1952, anatchuka ndi kubwereza mamita 400 maulendo osawerengeka.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti zochuluka zimene tikudziwa lero za ma interval a njinga zinayesedwa m'chipinda. Izumi Tabata wa ku Japan, amene dzina lake linamatirira pa masekondi 20 otchova ndi mphamvu zonse ndi masekondi 10 opumira, anachita kafukufuku wake wa 1996 pa njinga zosayenda. Ofufuza amakonda njinga zoterezi chifukwa chimodzi chomwechi chimene chimakopa okwera wamba: palibe mphepo, palibe chitunda, palibe galimoto, ndiye ntchito imene munthu wagwira lero mukhoza kuiyerekeza ndi ya sabata yamawa popanda chosokoneza.

Mtunda umene interval imodzi imadya

Vuto loyamba la msewu ndi masamu wamba. Tiyerekeze kuti mukufuna kuchita mphindi 8 kanayi. Dongosolo limeneli linatchuka pambuyo pa kafukufuku wa Stephen Seiler ndi anzake ku Norway mu 2013, amene anayerekeza ma interval a mphindi 4, 8 ndi 16, n'kupeza kuti gulu la mphindi 8 ndi limene linapindula kwambiri. Pa msewu wa chidikha, mukamathamanga makilomita 33 pa ola, mphindi 8 zimadya makilomita 4.4. Mphindi 20 zimadya makilomita 11. Tsono ganizirani msewu umene mumaudziwa bwino, kaya ndi M1 potuluka mu Lilongwe kapena wa Blantyre-Zomba. Ndi pati pamene mungayende makilomita 11 osagwira buleki? Pali mahampu a pa trading, minibasi yoima mwadzidzidzi itaona munthu, akabaza odutsa msewu, mbuzi, ana ochokera kusukulu, dzenje limene mvula yasiya. Kulikonse kumene mwasiya kutchova kwa masekondi 10 kapena 15, mtima umatsika, ndipo mumafunika kuwononga mphamvu zina kuti mubwerere pamene munali. Pamapeto pake mumafika kunyumba mutatopa ndithu, koma mphindi zimene munakhaladi pa mlingo umene mumafuna n'zochepa.

Mankhwala ake ndi chitunda. Pokwera phiri pa liwiro la makilomita 12 pa ola, mphindi 8 zomwe zija zimangodya makilomita 1.6. Liwiro likachepa, ngozi imachepanso, ndipo phirilo limakukakamizani kukankha mapedulo popanda kubera. Amene ali pafupi ndi msewu wokwera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba, kapena chikweza chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena makhotamakhota a pakati pa Golomoti ndi Dedza, ali ndi chuma chimene munthu wa m'galaja angachisirire. Ndinganene mosabisa kuti chitunda chachitali chopanda magalimoto ambiri ndiye malo abwino koposa a ma interval a mphindi 4 mpaka 20. Kungoti si onse amene ali nacho pakhomo, ndipo kupalasa ola lathunthu kuti mukachipeze n'kosatheka tsiku la ntchito.

Palinso nkhani ya moyo, imene sindikufuna kuidumpha. Kumapeto kwa interval yowawa, mutu umagwa wokha, maso amayang'ana tayala lakutsogolo kapena manambala a pa handulo, ndipo maganizo onse amakhala pa kupweteka kwa ntchafu. Mu January 2022, Egan Bernal, amene anapambana Tour de France mu 2019 ndi Giro d'Italia mu 2021, anawomba kumbuyo kwa basi yoima akuchita masewera olimbitsa thupi kwawo ku Colombia, ali pa njinga ya time trial (mpikisano wothamangitsana ndi nthawi) imene imamuweramitsa munthu kwambiri. Anathyoka mafupa a msana, ntchafu, bondo ndi nthiti, ndipo anapulumuka mwamwayi. Ngati zinachitikira munthu amene njinga ndiyo ntchito yake, sitinganene kuti ife tingazembe. Interval iliyonse imene mukudziwa kuti pomaliza pake muziona zinthu mwachimbuuzi, musaichitire pakati pa magalimoto.

Chifukwa chake m'nyumba mumawawa kwambiri

Pafupifupi aliyense amene wayamba kumene trainer amadandaula chimodzimodzi: mphamvu zimene amatulutsa panja mosavuta, m'nyumba zimakanika. Ena amafika poganiza kuti makinawo akunama. Nthawi zina makina awiri amasiyanadi kawerengedwe, koma kawirikawiri wolakwa ndi kutentha.

Thupi la munthu ndi injini yowononga. Pa mphamvu zonse zimene minofu imatentha, pafupifupi 20 mpaka 25 peresenti yokha ndi imene imafika pa mapedulo. Yotsalayo imasanduka kutentha. Ndiye kuti mukamatchova mawati 200 (mawati ndi muyeso wa mphamvu), thupi lanu likutulutsa kutentha kwa mawati 600 kapena kuposa, osatalikirana kwenikweni ndi mbale yaing'ono ya hotipuleti. Pa msewu simuzindikira chifukwa mphepo ya makilomita 30 pa ola imakuwombani thupi lonse, thukuta limauma pakhungu, ndipo kuuma kwakeko ndiko kumakuziziritsani. M'chipinda mpweya umangoima. Thukuta limayenderera n'kudontha pansi, ndipo thukuta lodontha siliziziritsa munthu, limangomutha madzi. Thupi likatentha limatumiza magazi ambiri kukhungu, otsalira minofu amachepa, mtima umayamba kugunda mofulumira kuti ukwanitse ntchito yomweyo. N'chifukwa chake mumaona kugunda kwa mtima kukukwera pang'onopang'ono ngakhale simunawonjezere mphamvu, ndipo interval yachitatu imakhala ngati phiri.

Choncho munthu akandifunsa kuti agule trainer yanji, ndimayamba ndamufunsa za fani. Fani yaikulu, yamphamvu, yolozetsa pachifuwa ndi kumaso, imasintha zinthu kuposa kuwonjezera ndalama pa makina okwera mtengo. Mu October ndi November, kutentha kukafika pachimake, ngakhale fani siyokwanira masana. Ndi bwino kutchova m'mamawa, pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo. Mukafuna kudziwa madzi amene mwataya, dzikwezeni pa sikelo musanayambe ndi mukamaliza. Kilogalamu imodzi imene yasowa ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo kutaya lita kapena kuposa pa ola limodzi m'nyumba si zachilendo. Thukuta lomwelo ndi mchere, ndipo limadya handulo, mabawuti ndi ma bearing a kutsogolo mwakachetechete pansi pa tepi. Yalani thaulo pa njinga ndipo muziipukuta mukamaliza.

Chachiwiri ndi mmene tayala limazungulirira. Pa msewu, munthu ndi njinga yake, tinene makilogalamu 80, akathamanga amakhala ndi mphamvu yopitirira okha. Phazi likafika pamwamba kapena pansi penipeni, pomwe silingakankhe bwino, njingayo imakudutsitsani. Pa trainer ntchito imeneyi imagwiridwa ndi chitsulo chozungulira cholemera makilogalamu ochepa chabe. Pa ma trainer otchipa amene tayala lakumbuyo limakhuzana ndi kachitsulo, chitsulocho chimakhala chopepuka kwambiri, moti kutchova kumamveka ngati muli mumchenga wa kunyanja: mukangofewetsa phazi, zonse zimaima. Ma trainer amene mumachotsa tayala n'kumangirira tcheni pa makinawo, ngati Wahoo KICKR kapena Tacx Neo, amayesetsa kufanana ndi msewu, komabe safika.

Chachitatu, njinga yomangidwa sigwedezeka. Panja mukaimirira pa mapedulo, njinga imapendekera uku ndi uku, manja ndi msana zimathandiza miyendo. Mumasunthanso pa chishalo mosadziwa mukamakhota kapena kutsika. M'nyumba mumakhala malo amodzimodzi kwa ola lathunthu, ndipo matako ndi manja zimayamba kudandaula miyendo isanatope. Onjezerani pamenepo khoma limene mukuliyang'ana ndi wotchi imene ikuoneka ngati yaima, mumvetsa chifukwa chake ola limodzi pa trainer limatalika chonchi.

Zonsezi sizitanthauza kuti ntchito ya m'nyumba ndi yachabe. Mtima sudziwa ngati muli ku Zomba kapena m'galaja. Chofunika n'chakuti muyeze mphamvu zanu kumene muzichitira masewerawo. Ambiri amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa FTP, imene Andrew Coggan ndi Hunter Allen anaifalitsa: mumatchova mphindi 20 ndi mphamvu zanu zonse, n'kutenga 95 peresenti ya mawati amene mwapeza. Mukaiyeza pa chitunda m'mamawa kozizira, kenako n'kukaigwiritsa ntchito m'chipinda chotentha, ma interval onse azikukanikani ndipo muyamba kudziona ngati mwafooka pamene simunafooke.

Makina akakugwirirani mawati

Ma trainer amakono ali ndi chinthu chotchedwa ERG. Mumauza makinawo kuti mukufuna mawati 250, ndipo iwo amalimbitsa kapena kufewetsa okha kuti nambalayo isasunthe, kaya mukuzunguza miyendo mofulumira kapena pang'onopang'ono. Kwa munthu amene wangoweruka kuntchito mutu uli wolemera, zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa ntchito yake ndi kutchova basi. Koma muli msampha. Mukatopa n'kuchepetsa kazunguzidwe ka miyendo, makinawo amalimbitsa kuti mawati akwane, ndiye miyendo imalemera kwambiri, mumachepetsanso, iwo amalimbitsanso, mpaka mapedulo amaima nji. Ndiponso pa mpikisano palibe amene adzakugwirireni mawati. Luso lodziwa kuti apa ndayamba mothamanga kwambiri, apa ndisinthe giya, apa ndisunge mphamvu za pamwamba pa phiri, limabwera pokhapokha inuyo ndi amene mukuwongolera. Ndimalimbikitsa kuti ngakhale m'nyumba, masiku ena muzizimitsa ERG n'kumasintha magiya nokha.

Nanga amene alibe makina oyezera mawati? Ndi ambiri ndithu, chifukwa chiyambire pamene Uli Schoberer anapanga makina otere otchedwa SRM ku Germany m'zaka za m'ma 1980, zipangizozi zatsika mtengo koma sizinafike potchipa. Lamba woyezera kugunda kwa mtima amathandiza pa ma interval aatali, koma mtima umachedwa kuyankha. Umatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ufike pamene ntchito ili, ndiye pa masekondi 30 sungakuuzeni kanthu. Liwiro la pa msewu wa chidikha nalonso limanama chifukwa cha mphepo. Tsiku la mwera mukhoza kudziona ngati katswiri popita, pobwerera n'kukhala ngati mwanyamula matumba a makala. Pa chitunda mphepo siisokoneza kwambiri, choncho njira yakale imagwirabe ntchito: yambirani pa chizindikiro chimodzi, kaya ndi mlatho kapena mtengo, tchovani mphindi zanu, onani pamene mwafika. Ulendo wachinayi ukafika pafupi ndi pamene woyamba unafika, mwagawa mphamvu bwino. Pa trainer wamba, liwiro la tayala lakumbuyo limagwira ntchito yomweyo, bola mpweya wa m'tayala ndi kathinidwe ka makinawo zikhale zofanana tsiku lililonse.

Za Zwift ndi mapulogalamu ena otero sindichulutsa. Zwift inayamba mu 2014 ndipo inakula kwambiri mu 2020 mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba. Mu December chaka chomwecho bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa pa intaneti, ndipo kumbali ya amayi anapambana ndi Ashleigh Moolman-Pasio wa ku South Africa. Jay Vine wa ku Australia anapeza malo m'timu ya akatswiri kudzera mu Zwift Academy ya 2020, mpikisano wa pa Zwift wofufuzira aluso, ndipo mu 2022 anapambana zigawo ziwiri za Vuelta a España pa misewu yeniyeni ya m'mapiri. Pulogalamuyi imachotsa kusungulumwa, koma imafuna kulipira mwezi ndi mwezi, intaneti yodalirika ndi magetsi. Magetsi akazima, ma trainer ambiri amakono amasiya kuwongolera, ndipo choopsa kwambiri, fani imaima. Trainer wamba wa maginito kapena wa mafuta safuna soketi, ndipo mukamuika pakhonde, wotchi ya pa foni ndi yokwanira kuchitira ma interval onse amene ndatchula pano.

Ndiye ziti zipite kuti

Ma interval afupiafupi obwerezabwereza ndimawaika m'nyumba. Chitsanzo ndi a Bent Rønnestad, wofufuza wa ku Lillehammer ku Norway: masekondi 30 mwamphamvu, masekondi 15 kupumira, maulendo 13, kenako mphindi 3 zopuma, zonsezo katatu. Pa msewu, kuyang'ana wotchi masekondi 15 alionse uku mukupenyanso magalimoto ndi kudziika pangozi. A mphindi 4 mpaka 8 amatheka konsekonse, ndipo apa funso ndi loti muli ndi chitunda chabwino pafupi kapena ayi. Koma kuthamanga kwa masekondi 10 kapena 15 ndi mphamvu zonse, kuja kwa pa mzere womaliza, n'kwa pa msewu. Kumafuna kuimirira, kukoka handulo, kuponya njinga uku ndi uku, ndipo njinga yomangidwa sikulolani kuchita zimenezo mokwanira.

Maulendo aatali opalasa mofatsa nawonso ndi a panja, ndipo ndiwo ayenera kukhala ochuluka. Seiler yemwe uja, poona mmene akatswiri a masewera a mtunda wautali amachitira, anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya masewera awo amakhala ofatsa. Apa ndi pomwe trainer imasocheretsa anthu ambiri. Popeza kukhala m'nyumba maola atatu n'kotopetsa, munthu amasankha kuchita ola limodzi lowawa tsiku lililonse, ndipo pakatha masabata angapo miyendo imauma, tulo timavuta, manambala amatsika. Kwa munthu wa pantchito, masiku awiri a ma interval pa sabata ndi okwanira.

Nthawi ndi nyengo zimagamulanso zambiri. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko pafupifupi chaka chonse, moti woweruka 5 koloko amatsala ndi kuwala kochepa, ndipo kuyambira December mpaka March mvula imagwa nthawi imene yafuna. Abale athu a ku London amaona mdima 4 koloko isanakwane m'mwezi wa December. Pa trainer, mphindi 15 zotenthetsa thupi, mphindi 40 za ntchito ndi mphindi 5 zoziziritsa zimakwana mu ola limodzi lenileni, popanda nthawi yotayika potuluka m'tauni. Interval imene yachitikadi m'galaja Lachiwiri madzulo imapindulitsa kuposa ya pa phiri imene mvula yailepheretsa.

Amene wakhala m'nyumba miyezi ingapo asayembekezere kuti mphamvu zake zionekera tsiku loyamba panja. Miyendo imakhala ilipo, koma khosi ndi msana zimatopa msanga, manja amaiwala kukhota pa liwiro, ndipo kuyenda m'gulu, tayala pafupi ndi tayala, kumachititsa mantha. Pamafunika maulendo angapo kuti zibwerere, choncho ngati kutsogolo kuli mpikisano, masabata awiri kapena atatu omaliza ma interval asamukire pa msewu wofanana ndi umene mukapikisanepo. Hayman nayenso sanachoke m'galaja n'kulunjika ku Roubaix. Mkono utayamba kugwira, anapita ku Spain kukapikisana m'mipikisano ing'onoing'ono kutatsala sabata imodzi, ndipo atachoka kumeneko ndi pamene anapita kukakumana ndi miyala ija.